Louis de Montfort: wansembe wopirikitsidwa amene mbewu yake idamera ku Nzama

Dzina la Montfort si lachilendo m'dziko muno. Ku Nchalo m'boma la Chikwawa kuli chipatala cha Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu kuli koleji ya Montfort yosula aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, pomwe ku Balaka kuli malo osindikizira mabuku a dzina lomweli. Koma mutafunsa kuti kodi Montfort ameneyu adali yani, ambiri angakuyankheni kuti adali mzungu wina wa mpingo wa Katolika amene adabwera kuno kalekale.

Zoona zake n'zakuti mkuluyu sadapondepo phazi ku Malawi. Adamwalira kwawo ku France m'chaka cha 1716, ndipo padadutsa zaka 185 kuti ansembe atatu a chipani chimene iye adayambitsa afike ku Nzama m'boma la Ntcheu. Kumeneko, pa 25 Julayi 1901, adatsegula mishoni yoyamba yokhazikika ya mpingo wa Katolika m'dziko muno.

Munthu amene dzina lake lili pa makoma a zipatala ndi sukulu lero lino, ali moyo adali wokanidwa. Adachotsedwa ntchito kangapo, adagonapo kunsi kwa masitepe, adaletsedwa kulalikira m'madera angapo, adathiridwa poizoni m'chakudya, ndipo ntchito imene adaikhetsera thukuta kwa miyezi 15 idagwetsedwa mwa lamulo la mfumu. Chikhulupiriro sichidamutchinjirize ku mavuto onsewa. Chimene chidamupatsa ndi mtima wodekha, komanso mphamvu zodzukanso n'kupita kukathandiza ovutika anzake.

Banja lozolowera maliro

Louis-Marie Grignion adabadwa pa 31 Januwale 1673 m'katauni ka Montfort, m'chigawo cha Brittany, kumadzulo kwa France. Dzina loti Montfort ndi la kwawoko, ndipo adayamba kudziwika nalo atakula pofuna kulemekeza malo amene adabatizidwira.

Bambo ake, a Jean-Baptiste Grignion, adali loya wopeza movutikira komanso wa mtima wapachala. Mayi ake, a Jeanne Robert, adali munthu wofatsa ndi wokonda kupemphera. Banjali lidabereka ana 18, koma angapo mwa iwo adamwalira adakali aang'ono. Mwana woyamba adamwalira ali wakhanda, choncho Louis, yemwe adali wachiwiri kubadwa, ndiye adakula ngati chisamba. Olemba mbiri yake amati ali wamng'ono ankati akaona mayi ake ali khuma, ankapita kukakhala nawo pafupi n'kumawatonthoza.

Ali ndi zaka pafupifupi 12 adapita kusukulu ya ansembe a chipani cha Jesuit mumzinda wa Rennes. Kumeneko wansembe wina, bambo Julien Bellier, ankatenga ana asukulu kupita nawo m'zipatala kukacheza ndi odwala komanso amphawi. Ntchito imeneyi idamulowa Louis m'magazi.

Nthawi ina adaona mnzake wa m'kalasi akusekedwa kaamba ka zovala zong'ambika. Louis adayenda kwa anzake kusonkhetsa ndalama, koma sizidakwane. Sadagwe mphwayi. Adamutenga mnzakeyo mpaka kwa wogulitsa nsalu, n'kumuchonderera kuti alandire zochepazo, zotsalazo aziperekere yekha m'dzina la Mulungu. Wamalondayo adavomera, mnyamata uja n'kupeza zovala.

Ganyu yolondera mitembo

Atafika zaka pafupifupi 20, mayi wina wakufuna kwabwino adalonjeza kumulipirira maphunziro a unsembe ku Paris. Abale ake adamukonzera kavalo, suti yatsopano ndi ndalama zapanjira. Iye adakana kavaloyo. Atangotsanzikana ndi omuperekeza pa mlatho wa Cesson, kunja kwa Rennes, adagawa ndalama zija kwa opemphapempha, ndipo zovala zake adasinthana ndi mphawi wina. Ulendo wa makilomita oposa 300 adauyenda wapansi, akupempha chakudya m'njira, mpaka adalowa mu Paris ali m'sanza.

Atafika adapeza kuti ndalama zimene mayi uja adapereka sizingakwanire pa seminale yotchuka ya Saint-Sulpice, choncho adakakhala m'nyumba ya ophunzira osauka. Apo n'kuti dziko la France lili pa njala ya dzaoneni ya 1693 ndi 1694, imene idapha anthu oposa 1 miliyoni. Posakhalitsa thandizo lija lidaduka.

Pofuna kupeza ndalama zolipirira malo ogona ndi chakudya, Louis adavomera ganyu yolondera mitembo usiku, masiku angapo pa sabata. Usikuwo ankaugawa patatu: maola ena kupemphera, ena kuwerenga, otsalawo n'kugonako pang'ono pambali pa malirowo.

Njala, kuzizira ndi kusagona zidamufooketsa mpaka adagonekedwa m'chipatala cha Hôtel-Dieu, komwe ambiri ankaganiza kuti satulukamo wamoyo. Koma adachira. M'chaka cha 1695 adalandiridwa ku nthambi ya Saint-Sulpice ya ophunzira a ndalama zochepa, komwe adapatsidwa ntchito yosamala laibulale. Pa 5 Juni 1700 adadzozedwa unsembe ali ndi zaka 27.

Khumbo lake lidali lopita kumaiko akutali, makamaka ku Canada, kukalalikira kwa anthu amene adali asanamve Uthenga Wabwino. Akuluakulu ake adamukaniza. Mu Disembala chaka chomwecho adalembera mlangizi wake za maloto ena amene adali nawo: kukhala ndi kagulu ka ansembe osauka, oyenda m'midzi kuphunzitsa anthu wamba pansi pa chitetezo cha Amayi Maria.

Amphawi adamusonkhera ndalama

M'chaka cha 1701 wansembe wachinyamatayu adafika mumzinda wa Poitiers ndipo adalowa m'tchalitchi cha pachipatala chachikulu kukapemphera. Chipatala chimenechi sichidali ngati zimene tikuzidziwa masiku ano. Adali malo osungirako opemphapempha, okalamba, olumala ndi odwala matenda osachiritsika, onse pamodzi pafupifupi 400.

Anthuwo ataona munthu wa zovala zakutha atagwada kwa maola angapo, adamumvera chisoni n'kuyamba kumusonkhera tindalama. Atazindikira kuti ndi wansembe, adapempha episkopi kuti munthu ameneyu akhale mbusa wawo.

Adayamba ntchitoyi mu Novembala 1701. Malipiro adawakana. Ankadya chakudya chomwe amphawiwo ankadya, ankasesa, ankatsuka zilonda za odwala, ndipo ankazungulira mumzinda ndi bulu kupempha chakudya. Adakhazikitsanso dongosolo loti anthu azidyera pamodzi pa nthawi zoikika, kuti chakudya chizifikira aliyense.

Kuonjezera apo adasonkhanitsa kagulu ka amayi odwala ndi olumala a m'chipatalamo kuti azipemphera limodzi ndi kulimbikitsana. Kaguluka adakatcha Nzeru, ndipo mtsogoleri wake adali mayi wosaona. M'chipinda chimene ankakumaniramo adaikamo mtanda waukulu. Anthu amene dziko linkawaona ngati katundu wolemetsa adapatsidwa udindo, ndipo adayamba kutonthoza anzawo.

Mtsikana wina wa m'banja lolemekezeka mumzindamo, Marie-Louise Trichet, adasiya kwawo n'kudzakhala pakati pa amphawiwo. Pa 2 Febuluwale 1703, ali ndi zaka 18, adalandira kwa bambo Montfort chovala chotuwa cha usisitere. Ichi chidali chiyambi cha chipani cha asisitere cha Daughters of Wisdom, ngakhale kuti mtsikanayu adakhala yekha kwa zaka pafupifupi 10 asanapeze mnzake wachiwiri.

Kusintha kumene wansembeyu adabweretsa sikudakomere ena mwa oyendetsa chipatalacho. Adamuukira, ndipo m'chaka chomwecho cha 1703 adanyamuka kubwerera ku Paris.

Kunsi kwa masitepe

Ku Paris adakadzipereka kutumikira pachipatala cha Salpêtrière, chimene chinkasunga amphawi pafupifupi 5,000. Patangopita miyezi yochepa, tsiku lina akukhala pansi kuti adye, adapeza kakalata kunsi kwa mbale yake komuuza kuti ntchito yatha.

Apa zinthu zidafika pa mwana wakana phala. Anzake a kuseminale ankamuzemba poopa kuchita naye manyazi, ndipo mlangizi wake wakale adamukana pamaso pa anthu. Malo ogona adawapeza m'kachipinda ka kunsi kwa masitepe a nyumba ina mumsewu wa Pot-de-Fer. Asisitere ena ankamupatsa chakudya kamodzi pa tsiku, chimene ankasungira amphawi.

M'makalata amene ankalembera Marie-Louise pa nthawiyi sankabisa kuti anthu akumunyoza ndi kumusala. Koma chimene ankapempha kuti amupempherere ndi nzeru zochokera kwa Mulungu. Akatswiri ambiri a mbiri yake amakhulupirira kuti ndi m'nyengo yowawa imeneyi mmene adalemba buku lake lonena za chikondi cha Yesu Khristu, amene iye ankamutcha Nzeru Yosatha.

Amene sadamuiwale ndi amphawi a ku Poitiers. Mu Malichi 1704 adalemba kalata yodandaula kuti mbusa wawo abwerere. Adabwereradi, koma mikangano idabukanso, ndipo m'chaka cha 1705 adachoka pachipatalapo n'kuyamba kulalikira m'madera a anthu osauka a mumzindawo monga Montbernage. Chaka chotsatira episkopi adamulamula kuti atuluke m'dayosizi yake.

Tisaiwale kunena kuti si mavuto onse amene ankachokera kwa adani. Montfort adali chimunthu champhamvu, wosapsatira mawu, ndipo adatengera mtima wapachala wa bambo ake, chinthu chimene iye mwini ankavomereza kuti ankalimbana nacho. Nthawi ina adalowa m'nyumba yomwera mowa n'kugubuduza matebulo chifukwa phokoso la omwa linkasokoneza ulaliki. Khalidwe lotere linkachititsa maepiskopi ena kumuona ngati munthu woyambitsa chisokonezo.

Wapansi mpaka ku Rome

Atakanidwa paliponse, adayamba kudzifunsa ngati njira imene ankayendayo idalidi ya Mulungu. Pofuna yankho, adayenda wapansi makilomita oposa 1,000 mpaka ku Rome, ndipo pa 6 Juni 1706 adaonana ndi Papa Clement XI. Adapempha kuti amutumize kumaiko akutali.

Papayo adamuuza kuti munda wake uli kwawo konko ku France. Adamulamula kuti abwerere, azimvera maepiskopi, aziphunzitsa katekisimu ndi kuthandiza akhristu kubwereza malonjezo awo a ubatizo. Khomo la kunja lidatsekekanso kachiwiri, koma iye adabwerera mtima uli m'malo.

Kuchokera apo moyo wake udali wa pamsewu. Ankafika pa parishi n'kukhalapo masabata angapo akuchititsa chitsitsimutso. Ankaphunzitsa ana, kumvetsera olapa, kukonzetsa matchalitchi akugwa ndi kuphunzitsa anthu kupemphera kolona. Adapeka nyimbo zoposa 160, zambiri pa maimbidwe a nyimbo zotchuka za nthawiyo, kuti ngakhale osadziwa kuwerenga aziloweza chiphunzitso. Kulikonse kumene wafika, pankaphikidwa chakudya cha amphawi tsiku ndi tsiku.

Usiku wina m'tauni ya Dinan adapeza munthu wa zilonda thupi lonse ali thapsa m'mbali mwa msewu. Adamunyamula pamapewa mpaka kunyumba imene ankagona. Atapeza chitseko chotseka, adagogoda n'kuuza wapakhomo kuti mlendo amene wamusenzayo ndi Yesu Khristu. Wodwalayo adagona pabedi pa wansembeyo usiku umenewo.

Thukuta la miyezi 15

Yesero lalikulu pa moyo wake lidamupeza ku Pontchâteau, m'dayosizi ya Nantes. Chaka cha 1709 chidayamba ndi chisanu choopsa chimene chidaononga mbewu m'minda, ndipo njala idagwanso m'dziko la France. Ndi m'chaka chimenechi mmene Montfort adapempha anthu a m'derali kuti amange phiri la Kalvario, loti aliyense woliona azikumbukira masautso a Yesu.

Anthu adavomera. Kwa miyezi 15, anthu mazanamazana ankafika tsiku ndi tsiku ndi makasu, madengu ndi ngolo, popanda malipiro. Adakumba ngalande yaikulu mozungulira, dothi lake n'kuunjika chitunda chachitali. Pamwamba pake adaimika mitanda itatu ndi ziboliboli, ndipo mozungulira adabzala mitengo 150 yoimira mikanda ya kolona.

Mwambo wodalitsa malowa udakonzedwa kuti uchitike pa 14 Sepitembala 1710, tsiku la chikondwerero cha Mtanda Woyera. Khwimbi la anthu lidali litafika kale pamene, madzulo a pa 13, padabwera uthenga wochokera kwa episkopi wa Nantes woletsa mwambowo. Montfort adayenda usiku wonse, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, kukachonderera. Episkopiyo sadasinthe maganizo.

Chidachitika n'chakuti anthu ena amene adali naye chakukhosi adakamuneneza kuboma. Pa nthawiyo France idali pa nkhondo ndi England, ndipo akuluakulu a boma adauzidwa kuti chitundacho ndi ngalande zake chikhoza kusanduka linga la adani akadzatulukira kunyanja. Mfumu Louis XIV idalamula kuti chigwetsedwe, ndipo anthu a m'midzi yomweyo ndiwo adakakamizidwa kugwira ntchito yogumulayo.

Patangopita masiku ochepa adalandiranso kalata yomuletsa kulalikira m'dayosizi yonse ya Nantes. Olemba mbiri yake amati atawerenga kalatayo adagwetsa misozi. Kenako adapita kunyumba ya ansembe a chipani cha Jesuit kukachita m'bindikiro wa masiku 8. Wansembe amene adamulandira adadabwa ndi kudekha kwake, chifukwa sadamumve akudandaula kapena kunenera wina aliyense zoipa. Kwa mnzake amene adabwera kudzamupepesa, Montfort adayankha monga Yobu wa m'Baibulo, kuti Mulungu amene adalola kuti ntchitoyo imangidwe ndi yemweyo walola kuti igwe, ndipo ayenera kutamandidwa basi.

Pakamwa adamutseka, koma manja ake adali omasuka. M'miyezi yotsatira adakonza nyumba yosungiramo odwala matenda osachiritsika mumzinda wa Nantes. Kumayambiriro kwa 1711, mtsinje wa Loire utasefukira, adalimbikitsa eni mabwato amene ankachita mantha, n'kukwera nawo limodzi kukapereka chakudya kwa mabanja amene adazingidwa ndi madzi.

Zimene ankaphunzitsa za mavuto

M'chaka cha 1711 adasamukira kumadayosizi a La Rochelle ndi Luçon, komwe maepiskopi adamulandira bwino. Koma adani sadathe. Ku La Rochelle adamuthirira poizoni mu msuzi. Adapulumuka, koma thanzi lake silidabwererenso mwakale, ndipo m'chaka cha 1713 adagonekedwanso m'chipatala kwa masabata angapo.

M'chaka cha 1714, ali ku Rennes komwe sadamulole kukwera pa gome, adalemba kalata yaitali yopita kwa gulu la akhristu lotchedwa Abwenzi a Mtanda. M'kalatamo ndi mmene muli maganizo ake pa nkhani ya masautso, ndipo n'zoonekeratu kuti wolembayo ankanena zimene adazilawa yekha.

Iye ankaphunzitsa kuti mkhristu asamachite kuwaputa dala mavuto, ndiponso asamachite zoipa n'kumati zotsatira zake ndi mtanda wochokera kwa Mulungu. Ankavomereza kuti thupi limamva kuwawa ndipo limabuula, ndipo kutero si tchimo. Chimene ankachenjeza ndi mtima wosunga mangawa kwa anthu amene atilakwira.

Chitonthozo chake chidagona pa mfundo yakuti wovutika sali yekha. Ankati diso la Mulungu limaona aliyense amene akulimbana ndi mavuto, ndipo dzanja limene lalola mtandawo ndi lomwelo limene limamuchirikiza wousenza. Ankatinso mtanda wa munthu aliyense udayezedwa kulemera kwake ndi kutalika kwake, kotero suposa muyezo umene Mulungu adaika. Koposa zonse ankalozera anthu kwa Yesu wopachikidwa, amene adalawa umphawi, kunyozedwa ndi kuthawidwa ndi abwenzi, koma imfa sidakhale mathero ake.

Adamwalira ali ndi ansembe awiri okha

Maloto ake a kagulu ka ansembe adachedwa kukwaniritsidwa. Ndi m'chaka cha 1715 mmene adapeza awiri okhazikika. Woyamba adali bambo Adrien Vatel, amene adali pa ulendo wa panyanja wopita kunja koma adasintha maganizo atakumana naye ku La Rochelle. Wachiwiri adali bambo René Mulot, munthu wodwaladwala amene ankadziona kuti sangathe ntchito yoyendayenda. Chaka chomwecho Marie-Louise Trichet ndi mnzake Catherine Brunet adafika ku La Rochelle kudzatsegula sukulu ya atsikana osauka.

Mu Epulo 1716 Montfort adayamba chitsitsimutso m'mudzi wa Saint-Laurent-sur-Sèvre. Adadwala mwakayakaya, komabe adadzikoka kukalalikira pamaso pa episkopi amene adabwera kudzayendera parishiyo. Ulaliki wake womalizawo udali wonena za kufatsa kwa Yesu. Adatsamira mkono pa 28 Epulo 1716 ali ndi zaka 43, atatumikira ngati wansembe kwa zaka zosakwana 16.

Poyang'ana ndi maso a umunthu, adasiya zochepa kwambiri: ansembe awiri, abulazala owerengeka, asisitere ochepa, phiri logumulidwa ndi mabuku amene ambiri mwa iwo adali asanasindikizidwe.

Koma paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Bambo Mulot, wodwaladwala uja, adatsogolera chipanicho mpaka m'chaka cha 1749. Marie-Louise adamwalira pa 28 Epulo 1759, patatha zaka 43 ndendende, atatsegula nyumba zambiri za asisitere, ndipo adaikidwa pafupi ndi manda a mphunzitsi wake. Phiri la ku Pontchâteau lidamangidwanso m'chaka cha 1821. Buku lake lonena za kudzipereka kwa Yesu kudzera mwa Amayi Maria, limene lidakhala lobisika kwa zaka zoposa 100, lidapezeka m'chaka cha 1842 n'kusindikizidwa chaka chotsatira.

Buku limeneli ndi limene mnyamata wina wa ku Poland, Karol Wojtyła, ankawerenga akugwira ntchito pa fakitale ya Solvay pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, dziko lake lili m'manja mwa asilikali a Germany, iye ali mwana wamasiye. Mnyamatayo ndi amene adadzakhala Papa John Paul II, yemwe adayendera Malawi mu Meyi 1989. Montfort adatchedwa wodala m'chaka cha 1888, ndipo Papa Pius XII adamuika m'gulu la oyera pa 20 Julayi 1947.

Ulendo wa ku Nzama

Ana ake auzimu ndiwo adayenda ulendo wa kunja umene iye adaulakalaka koma osauyenda. Adafika ku Haiti m'chaka cha 1871, ndipo m'chaka cha 1883 adafika ku Canada kuja. Nawonso adalawa kupirikitsidwa. Malamulo opondereza zipani za mpingo amene boma la France lidakhwimitsa m'chaka cha 1880 adawachititsa kusamutsira maphunziro awo ku Netherlands, ndipo kumeneko adapeza anyamata ena ofuna unsembe.

Kuno kwathu, ansembe a chipani cha White Fathers adayesapo kukhazikitsa mishoni kwa Mponda ku Mangochi m'chaka cha 1889, koma adachoka m'chaka cha 1891 zinthu zitavuta. Patapita zaka, episkopi Joseph Dupont wa chipani chomwecho, amene ku Zambia ankamutcha Moto Moto, adapempha ansembe a Montfort kuti adzathandize.

Atatu adavomera: bambo Pierre Bourget ndi bambo Auguste Prézeau a ku France, komanso bambo Antoine Winnen a ku Netherlands. Adafika ku Nzama, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo mfumu ya Angoni, Njobvuyalema, idawapatsa malo. Anthu amene adawalandirawo adali ndi chilonda chawo chosapola, chifukwa padali patangopita zaka 5 kuchokera pamene atsamunda a ku Britain adapha Inkosi Gomani yoyamba m'chaka cha 1896.

Alendowo adayamba ndi kuphunzira chiyankhulo, kenako adatsegula sukulu ndi kuyamba kuthandiza odwala. Mishoniyo adaipereka m'manja mwa Amayi Maria, monga mwa mwambo wa chipani chawo. M'chaka cha 1904 kudafikanso asisitere a Daughters of Wisdom, chipani chija chidayambira m'chipinda cha amayi olumala ku Poitiers.

Bambo Prézeau adasankhidwa kutsogolera mpingo m'chigawo cha Shire m'chaka cha 1903, ndipo m'chaka cha 1908 adakhala episkopi woyamba wa chigawochi. Sadakhalitse pa udindowu, chifukwa adamwalira m'chaka cha 1909 asanakwanitse zaka 40. Amene adalowa m'malo mwawo m'chaka cha 1910 ndi episkopi Louis Auneau, ndipo ntchito idapitirira m'mishoni monga Nguludi, Neno, Utale ndi Nankhunda. Ku Utale kudadzatsegulidwa malo osamalirako odwala khate, anthu amene nthawi imeneyo ankasalidwa ngakhale ndi abale awo.

M'chaka cha 2001 mpingo wa Katolika udakondwerera zaka 100 uli m'dziko muno, kuwerengera kuchokera tsiku lija ansembe atatu adafika ku Nzama. Parishi ya Nzama ili m'dayosizi ya Dedza.

Akatolika amakumbukira Louis de Montfort pa 28 Epulo chaka chilichonse, koma mbiri yake ili ndi phunziro kwa wina aliyense, posatengera mpingo. M'makomo mwathu muli anthu amene akudwazika matenda kwa zaka, alimi amene mbewu zawo zidapita ndi madzi, ndi ena amene adachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka. Montfort adadutsa m'zofanana ndi zimenezi, ndipo misozi adagwetsa. Koma nthawi iliyonse khomo likatsekeka, ankayamba wagwada, kenako n'kudzuka kukafunafuna munthu wovutika kuposa iye woti amuthandize. Zipatso za ntchito yake sadazione ndi maso ake. Adadzaziona ndi anthu ena, kuphatikizapo adzukulu a Angoni amene adapereka malo ku Nzama.